Mousse yanga yatuluka ngati mkute, kasitadi ngati chambiko: ndalakwitsa pati?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, muno mu Mzuzu. Akuti: "Ndine mayi wa ana atatu. Mwezi wa June ndinayesa kupanga mousse ya chokoleti yothira kasitadi wa mazira, pokondwerera tsiku lobadwa la bambo a kunyumba kuno. Chokoleti chinachita mibulu, mousse inalemera ngati mkute, kasitadi anadukaduka ngati chambiko. Ana anadya ndithu, koma ine manyazi anandigwira. Alamu anga akubwera mwezi wamawa kuchokera ku Lilongwe ndipo ndikufuna kuyesanso. Kodi vuto n'loti ndilibe makina omenyera? Kirimu naye sapezekapezeka, za magetsi ndiye mukuzidziwa kale."

Mayi, pepani ndi ndalama zomwe zinalowa m'madzizo, pakuti masiku ano chokoleti si chinthu chotola pashelefu osayang'ana mtengo. Koma makina musawaimbe mlandu. Ophika a ku France anayamba kulemba za chakudya chimenechi m'zaka za m'ma 1700, magetsi kulibe, firiji kulibe, chawo chinali mkono ndi mbale basi. Mmene ndawerengera kalata yanu, okugwetsani ndi awiri: dzanja lanu lozolowera nsima, ndi chisanu cha Mzuzu.

Mawu akuti mousse ndi a Chifalansa, amatchulidwa "muusi", ndipo tanthauzo lake ndi thovu. Si munsi wa pamtondo ayi, ngakhale kuti yanuyo inkalemera ngati womwewo. Ntchito yonse ndi yokola mpweya. Mumaumenyera m'zoyera za mazira kapena mu kirimu mpaka utakhala timabaluni tosaoneka ndi maso, kenako mafuta a m'chokoleti amauma mozungulira timabalunito tisanaphulike. Mpweya ukathawa panjira, chotsala ndi phala la chokoleti lozizira. Limadyeka, ana sangalikane, koma si chimene munkafuna.

Tsono ife tinakula tikuuzidwa kuti mthiko ugwire ntchito. Nsima timaivundula mwamphamvu, kuikanikizira m'mbali mwa poto mpaka mbulu uliwonse utheretu, ndipo wovundula mwaulesi amasekedwa ndi anzake. Dzanja limenelo likaona mibulu m'mbale ya mousse silifunsa, limangoyamba kuvundula. Ndikukhulupirira kuti inunso munatero, ndipo pomwe mibulu inkachepa ndi pomwenso mpweya unkatha. N'chifukwa chake tiyambe ndi kuona kumene mibuluyo imachokera, kuti dzanja lisapezenso chifukwa.

Mibulu ya chokoleti ilipo mitundu iwiri. Woyamba umabwera chokoleti chidakali pamoto. Chinali kusungunuka bwinobwino, mwadzidzidzi chagwirana n'kukhala ngati dongo loumbira mphika. Apo ndiye kuti mwalowa kadontho ka madzi, kaya kochokera pasupuni yonyowa, kaya nthunzi yothawira m'mbali mwa mbale. M'chokoleti mulibe madzi. Muli mafuta a koko, ndi tizidutswa touma ta shuga ndi koko tomwe timasambira m'mafutamo. Taganizani za ufa woyera: mukaudonthezera madzi pang'ono umagwirana timibulu, koma mukathira madzi ochuluka umasanduka phala losalala. Chokoleti nacho n'chimodzimodzi. Choncho chikagwirana musataye. Thirani madzi otentha supuni imodzi, takasani, onjezani ina, mpaka chitasalalanso. Chosachiritsika n'chopserera chokha, chija chonunkha utsi ndi kuwawa ngati makala, ndipo chimenecho chimabwera poika poto wa chokoleti pamoto weniweni.

Mtundu wachiwiri ndi umene ndikuuganizira kwa inu, poti mwati unali mwezi wa June. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu komwe ndi 37, n'chifukwa chake chokoleti chimasungunuka palilime. Koma amaumanso msanga akakumana ndi chozizira. M'khitchini ya ku Chibavi m'mawa wa June, nkhungu ili panja, simenti ikuluma kumapazi, mbale yachitsulo yazizira ngati mwala wa m'dambo, chokoleti chosungunuka sichichedwa. Mukamamenya mazira icho chikuzizira, ndipo mukachithira m'thovu kapena mu kirimu wochokera m'firiji chimauma pompo n'kukhala timiyala tolimba. Malangizo ambiri amene mumawerenga amati muchisiye chizizire kaye. Mawu amenewo ndi abwino ku Nkhata Bay kapena ku Karonga mwezi wa October. Kuno nyengo yozizira nkhondo yanu ndi yochisunga chofunda.

Pogula, tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Mukufuna chokoleti chakuda cholembedwa kuti koko ndi 50 mpaka 70 peresenti, ndipo pa zosakaniza zake paoneke mawu akuti cocoa butter. Zambiri zotchipa zophikira keke amachotsamo mafuta a koko n'kuikamo mafuta a mbewu zina, makamaka a kanjedza. Mousse yake imauma ndithu, koma imasiya kaphula kumkamwa ngati mwatafuna kandulo. Chokoleti cha mkaka chija ana amakonda chimatheka, kungoti n'chotsekemera kwambiri ndiponso n'chofewa, ndiye mukachigwiritsa ntchito chepetsani shuga ndi theka ndipo batala musiyiretu.

Za kudula kwake, si a sitolo okha. Koko woposa theka wa padziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, ndipo zokolola zitavuta kumeneko mtengo wake unapitirira madola 10,000 pa tani m'chaka cha 2024. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Chimene chimandiseketsa ine n'choti koko ali pafupi nafe kuposa mmene ambiri timaganizira. Mukangowoloka pa Songwe, m'boma la Kyela ku Tanzania, alimi amalima koko wambiri. Amapita kutsidya la nyanja m'matumba, n'kutibwerera atavala pepala lonyezimira.

Nazi zokwanira anthu asanu ndi mmodzi. Mazira 5 aakulu, kapena 7 ngati ndi a nkhuku zachikuda. Chokoleti magalamu 200. Batala masupuni aakulu awiri. Khofi wamphamvu wosefa bwino masupuni aakulu 5, ndipo poti muli kwawo kwa khofi, musachite kufuna wa kutali. Khofi ameneyu samveka ngati khofi m'kamwa, amangozamitsa kukoma kwa chokoleti, koma ngati simumufuna ikani madzi kapena mkaka muyezo womwewo. Shuga masupuni aakulu 6 wa mousse, ndi masupuni aakulu 4 wa kasitadi. Mkaka theka la lita. Vanila supuni yaing'ono imodzi, ndi kamchere kotsina ndi zala. Ndasankha dala njira imene zoyera za mazira zimapita ku mousse, zikasu zake ku kasitadi. Palibe chotsala, ndipo kirimu mwaona kuti sindinamutchule.

Mazira ayeseni kaye m'kapu ya madzi. Logona pansi ndi latsopano, loyandama tayani. Polekanitsa, swani dzira lililonse pakapu yakeyake musanathire choyera chake m'mbale yaikulu, chifukwa kachikasu kakang'onong'ono kakagweramo thovu limakana. Chikasu chili ndi mafuta, ndipo mafuta ndi mdani wa thovu la mazira. Pa chifukwa chomwecho mbale yomenyera ikhale yachitsulo kapena yagalasi. Yapulasitiki, makamaka ija imalowamo ndiwo, imasunga mafuta ngakhale mutaitsuka katatu. Ipukuteni ndi kagawo ka ndimu, muumitse ndi nsalu yoyera.

Wiritsani madzi pang'ono mupoto, ofika ngati zala ziwiri kuchokera pansi. Akawira phulani potoyo, kaya pambaula kaya pa kuka. Khazikani pamwamba pake mbale yokwana bwino pakamwa pa poto, yosakhudza madzi, muikemo chokoleti chodula tizidutswa, batala ndi khofi uja, zonse nthawi imodzi kuyambira pachiyambi. Madzi a m'khofiwo ndi okwanira kutifikitsa ku mbali ya phala losalala ija, ndiye kadontho ka nthunzi sikangakuopseninso. Dikirani mphindi zitatu osakhudza, kenako takasani pang'onopang'ono mpaka chitanyezimira. Musachichotse n'kuchiika pasimenti kapena pawindo. Chikulungeni ndi nsalu, kapena chikhazikeni pa beseni la madzi ofunda, chidikire pomwepo.

Tsopano zoyera za mazira. Ku France ambiri amazimenya zaziwisi, koma ine sindikulangizani zimenezo. Dzira laliwisi likhoza kukhala ndi kachirombo ka salmonella koyambitsa kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo mazira athu ambiri amakhala masiku angapo pathireyi padzuwa la pamsika. Bwezerani poto wa madzi pamoto wochepa, ikani pamwamba mbale ya zoyera zija pamodzi ndi shuga masupuni 6 ndi kamchere, ndipo muzimenya osaleka kuti zisapse m'mbali. Cholinga ndi madigiri 71. Ngati muli ndi choyezera kutentha cha kukhitchini, ino ndiyo nthawi yake. Ngati mulibe, pitirizani mpaka shuga asamvekenso mukafikisa pakati pa zala, ndipo chala chisapirire kukhalamo. Koma chala si choyezera. Ngati pakati pa odya pali mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, agogo, kapena wina amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika, apangireni ya mapeyala imene ndifotokoze kumapeto, yopanda dzira.

Chotsani mbale pamoto, ikhazikeni pansalu yonyowa kuti isavine patebulo, ipendekeni pang'ono, mumenye ndi chomenyera cha waya mozungulira kuchokera pansi kukweza m'mwamba, kuti mpweya uzilowa. Ndi dzanja zimatenga mphindi 10 mpaka 15. Mkono ukatopa itanani mwana wamkulu, iyi ndi ntchito imene amaikonda poti pamapeto amanyambita waya. Mafoloko awiri ogwiridwa pamodzi amathanso, kungoti mudzatuluka thukuta ngakhale mu July. Lekani pamene thovu layera mbee, likunyezimira, ndipo mukakweza waya likuima kansonga kowerama pang'ono kumutu. Mukapitirira pamenepo limauma, limaphwanyika ngati thonje, ndipo silisakanizika bwino.

Ndili wamng'ono pantchito, m'khitchini ya hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, ndinkaganiza kuti thovu lolimbitsitsa ndilo umboni wa mphamvu zanga. Ndinamenya mpaka mbale n'kuitembenuza pamutu osagwa kanthu. Mousse ya tsiku limenelo inatuluka ndi mawanga oyera ngati nkhanga, ndipo ndinathera madzulo ndikudula zipatso kuti alendo apeze chotsitsira.

Apa ndiye pamtima pa nkhani. Khudzani chokoleti ndi kuseri kwa chala, kapena kadontho pamlomo. Chikhale chofunda ngati mkaka womwetsa khanda, madigiri 35 mpaka 40. Chikazizira, chibwezereni panthunzi kamphindi. Thovu lanu nalo likhala lidakali lofundirako poti linachoka pamoto, ndipo ubwino wa njira imeneyi m'nyengo yathu yozizira ndi womwewu: ziwirizi zimakumana zisanadane. Tengani gawo limodzi mwa magawo atatu a thovu, muthire m'chokoleti, ndipo pano pokha dzanja la nsima ndilololedwa. Takasani momasuka. Mpweya wa gawo limeneli tautaya dala kuti chokoleti chipepuke, chileke kukhala cholemera moti n'kuphwanya thovu lotsalalo.

Kenako thirani theka la lotsala. Tengani supuni yaikulu yachitsulo kapena chipande chopyapyala. Dulani pakati pa mbale kufika pansi, kokerani pansipo kubwera kwa inu, nyamulani za pansi muzigoneke pamwamba, tembenuzani mbale pang'ono, bwerezani. Muziganiza za kupeta, mmene ufa umadzukira m'lichero n'kugweranso mofewa, osati za kuvundula. Thirani lotsalalo mizere yoyera isanathe, muchite chimodzimodzi. Ulendo uliwonse kutembenuza 12 kapena 15 n'kokwanira. Mukaona kamzere koyera apa ndi apo, kasiyeni. Kamzere sikapweteka munthu, pomwe kukasakasaka mpaka katha ndiko kunakupatsani mkute uja.

Mukapeza kirimu, mousse imakhala yofewa ndi yonona kwambiri, koma werengani paketi. Womenyeka ndi amene mafuta ake afika 30 peresenti, ndipo 35 ndiye wabwino. Amafuna akhale wozizira kwambiri, iye ndi mbale yake. Theka la kapu ndi lokwana. Mumenyeni mpaka angoyamba kugwira mizere ya waya, osapitirira poti amasanduka batala, ndipo alowe pomalizira, thovu la mazira litasakanizika kale ndi chokoleti. Mukamuthira poyamba pa chokoleti chokha, timiyala tija tabwerera. Ufa woyera wothira mu tiyi uja, monga Cremora, si kirimu womenya. Mafuta oyandama pamkaka wowiritsa nawonso sakwera thovu lodalirika.

Thirani m'makapu nthawi yomweyo, isanayambe kugwira. Makapu a tiyi a m'kabati, aja amangodikira alendo chaka chonse, ndi oyenera kwambiri kuposa mbale imodzi yaikulu, chifukwa kapu yaing'ono imazizira msanga ndipo simuchita kuiphwanya pogawa. Vindikirani iliyonse ndi kambale kapena pulasitiki, pakuti chokoleti chimayamwa fungo, ndipo simukufuna mousse yonunkha usipa kapena anyezi. M'firiji maola anayi, kapena usiku wonse. Mufiriza musaikemo pofuna kufulumira.

Za magetsi, konzekerani ngati mukudziwa kuti azima. Masiku awiri zisanachitike, dzazani mabotolo apulasitiki atatu kapena anayi ndi madzi, osafika pakamwa, muwaumitse mufiriza. Magetsi akapita, ikani mabotolowo pambali pa makapu ndipo chitseko chisatsegulidwe. Firiji yotseka imasunga kuzizira kwake pafupifupi maola anayi, ndipo ndi mabotolo a ayezi imapitirira apo. Amene alibe firiji angachite zomwezo m'kula bokosi. Pali msampha umodzi wa kuno kwathu. Usiku wa July mousse ikhoza kuuma yokha patebulo, poti mafuta a koko safuna kuzizira kwambiri kuti agwire. Kuuma si chitetezo. Chakudya cha mazira ndi mkaka chimafuna madigiri osapitirira 5, ndipo khonde lanu, ngakhale kuzizire bwanji, simungalidalire pa zimenezo. Idyedwe pasanathe masiku awiri.

Tibwere ku chambiko chanu chija. Kasitadi wa mazira ndi mkaka umene wakhuthala chifukwa chikasu cha dzira chayamba kupsa koma sichinapsiretu. Mpata wake ndi wopapatiza. Amakhuthala bwino pa madigiri 82 mpaka 84, ndipo akadutsa 85 dzira limagwirana timibulu n'kusiya madzi paokha. Ena amati poti Mzuzu ali pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, madzi amawira msanga ndiye palibe choopsa. N'zoona kuti kuno madzi amawira cha pa madigiri 96 m'malo mwa 100, koma 96 idakali kutali pamwamba pa 85. Mwachidule, kasitadi wa mazira akangoonetsa kuwira, mwachedwa kale. Ndikuganiza kuti inu munkadikira kuti akhuthale ngati wa ufa wa m'chitini, ndiye munamusiya pamoto. Uyu safika pamenepo. Amakhala wothirika, wokhuthala pang'ono chabe kuposa mkaka.

Chitani motere. Ngati mkaka ndi wa alimi, uja wobwera m'zigubu panjinga m'mawa, uwiritseni kaye bwinobwino ndi kuusefa. Ndi wabwino kwambiri pa kasitadi poti ndi wonona, bola usakhale wothira madzi. Menyani zikasu zija ndi shuga masupuni 4 mpaka zitayererako. Musathire shuga pazikasu n'kuchokapo, amaziumitsa timadontho tosasungunukanso. Onjezanimo supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa kasitadi kapena konifulawa (sitachi ya chimanga). Akatswiri ena amanyoza zimenezi, ine ayi: sitachi imeneyo imalowa pakati pa tizigawo ta dzira n'kuchedwetsa kugwirana kwake, ndipo pambaula, pomwe moto sungachepetsedwe ndi kabatani, ndi mthandizi weniweni. Tenthetsani mkaka mpaka utayamba kufuka nthunzi, muuthire m'mazira pang'onopang'ono ngati kamtsinje, dzanja lina likumenya. Mukakhuthula wonse kamodzi mwakazinga mazira.

Bwezerani zonse mupoto wa pansi pokhuthala. Pambaula dikirani makala aphimbike ndi phulusa, kapena khazikani mbale pamwamba pa madzi otentha monga tinachitira ndi chokoleti, njira yochedwa koma yosapereka manyazi. Takasani ndi mthiko woyera, wosanunkha ndiwo, mukukanda pansi ndi m'makona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako ndi mphindi zisanu mpaka khumi. Mudzaona thovu la pamwamba likuzimiririka, ndipo mthiko uyamba kumva kulemera pang'ono. Unyamuleni, lembani mzere ndi chala kumsana kwake. Mzere ukakhala osatsekeka, wapsa. Phulani pompo, sefani m'mbale yozizira, ikhazikeni m'beseni la madzi ozizira, muzitakasa mpaka nthunzi ithe. Kusiya mupoto wotentha n'kumupitiriza kuphika osadziwa. Vanila alowe pamapeto. Posowa vanila, khungu la nachesi kapena la lalanje lowiritsira mumkaka limagwirizana bwino ndi chokoleti, bola muchotse choyera cha m'kati chomwe chimawawa.

Akayamba kuonetsa timibulu, musafulumire kulira. Phulani msanga, thirani masupuni awiri a mkaka wozizira, adikire kuti nthunzi ichepe, mumuthire m'botolo loyera la pakamwa papakulu, tsekani, khutchumulani mwamphamvu ngati mphindi imodzi, kenako sefani. Nthawi zambiri amabwerera. Akafika poti madzi achikasu ali paokha ndi zigamphu paokha, apo basi.

Mwina mukudzifunsa ngati wa ufa wa m'chitini sangakwane. Angakwane, ndipo palibe chochititsa manyazi. Ufa umenewo anaupanga Alfred Bird, katswiri wa mankhwala wa ku Birmingham, m'chaka cha 1837, chifukwa mkazi wake thupi lake linkadana ndi mazira. Mulibe dzira m'menemo. Ndi sitachi ya chimanga, mtundu wachikasu ndi fungo, kutanthauza kuti ndi phala lomwe ife timalidziwa kale, longovala bwino. Vuto lake pa mousse n'loti mukatsata muyezo wa pachitini, akazizira amagwira ngati phala la dzulo, n'kukhala chimtolo pamwamba pa chinthu chimene mwavutikira kuti chipepuke. Ikani theka la muyezo wolembedwawo, supuni yaikulu imodzi pa theka la lita, shuga wochepa. Uyu yekha ndiye ayenera kuwira kuti fungo la ufa lithe. Pozizira yalani pulasitiki yokhudza pamwamba pake kuti asachite khungu. Mukasankha ameneyu zikasu zija zitsala, muzikazinge ndi tomato m'mawa.

Chokoleti chikasowa kapena thumba likakana, koko wa ufa amagwira ntchito, koma akhale koko weniweni wowawa, osati zakumwa zotsekemera za ana zomwe zambiri mwa izo ndi shuga ndi mkaka. M'malo mwa magalamu 200 aja, tengani koko masupuni 8, shuga masupuni 5, batala magalamu 80, ndi khofi kapena mkaka wotentha masupuni 6. Sefani koko, muthire chotenthacho, takasani mpaka asalale, kenako batala ndi shuga panthunzi paja. Apa batala ndiye akugwira ntchito youmitsa imene mafuta a koko akanagwira, ndiye majarini wofewa wopaka pabuledi sakwanira, mousse yake imakhala yamadzi pansi. Wolimba wophikira keke amayesako. Zina zonse chimodzimodzi.

Ya mapeyala ija ndi iyi. Mapeyala awiri aakulu akupsa bwino, a mtundu wopanda ulusi ndi wopanda mawanga akuda, koko masupuni 6, uchi kapena shuga wosungunula mumkaka wofunda masupuni 5, vanila ndi kamchere. Kanyani, kenako kanikizirani pasefa ndi kumsana kwa supuni kawiri, musakanize, muike m'firiji maola awiri. Ndinene zoona, iyi ndi mousse ya dzina lokha, mpweya mulibe, ndi yosalala ndi yonona basi. Koma nyengo ya mapeyala, pomwe amadzaza misika yonse kuyambira wa m'tauni mpaka ku Luwinga, ndi yotchipa kuposa zonse, siopa dzanja la nsima, ndipo ndi kasitadi wa ufa pamwamba mulibemo dzira ngakhale limodzi. Idyedwe tsiku lomwelo, ikagona peyala limayamba kudziulula.

Pa tsiku la alendo, pangani zonse dzulo lake madzulo, pomwe khitchini idakali yofunda ndi moto wa nsima, osati m'bandakucha. Tulutsani makapu m'firiji mphindi 10 musanapereke, poti chokoleti chozizira kwambiri sichimveka kukoma. Kasitadi abwere payekha m'kajagi, wozizira, aliyense adzithirire masupuni awiri kapena atatu. Mukathiriratu m'makapu amanyowetsa pamwamba ndipo maonekedwe amaonongeka. Musamutsekemeretse poganiza kuti mukukondweretsa alendo, ntchito yake ndi kuziziritsa kuwawa kwa chokoleti. Pamwamba mungawazepo mtedza wokazinga wosinja mwa apo ndi apo, kapena tizidutswa ta nthochi todula nthawi yomweyo kuti tisade. Ndipo popeza nsima ndi nkhuku zidzakhala zitadutsa kale, kapu isadzaze, theka ndi lokwana.

Alamu asanafike, yesani theka la muyezo Loweruka lina: chokoleti magalamu 100, mazira atatu aang'ono, mkaka kapu imodzi. Mukadya, yang'anani pomwe supuni yadula. Mukaona timabowo tating'ono ngati ta siponji, dzanja lamva. Mukaona posalala ngati sopo, mwatembenuza kwambiri, ulendo wina muwerenge mokweza mpaka 12 n'kuika supuni pansi.